Masiku Amene Ndinkapukusa Bayisikopo Chobwerera

Makina a bayisikopo anali a telala wina wa ku Kapata, Mchawa wachisilamu amene anabwera nawo pochokera ku Halale. Sanali aakulu, munthu ukanatha kuwanyamula m'khwapa, ndipo analibe mawu. Kumbali kwake kunali chogwirira chopukusira, ndipo nyali yake inkayaka ndi batire la lole limene ndinkalinyamula pamutu kupita nalo kwa makaniko Lachisanu lililonse. Wopukusa ndinali ine. Ntchitoyi ndinaipeza nkhondo yaikulu ili mkati, nditathawa kwathu ku Chipangali.

Ndinathawa chifukwa ndinamenya mkulu wanga. Ndilemberetu zimenezi pano, chifukwa ndikazengereza ndiyamba kudzikometsera. Tinali kumunda tikukumba mtedza pamene munthu anabwera ndi kalata ya atsibweni athu yochokera kumigodi. Achimwene anandipatsa kuti ndiwerenge, poti pabanja pathu ndine ndekha ndinapondako m'kalasi, ngakhale kuti ndinalekera mu Sitandade 2 nditakankha mphunzitsi. Kalatayo inali ya malembedwe opindikapindika. Ndinachita chibwibwi, azimayi amene ankathothola mtedza anaseka, ndipo achimwene anati ndibweze kalatayo akapatse mbuzi, mwina iyo iwerengako bwino. Khasu linali m'manja mwanga. Sindikumbukira ndikulikweza. Ndimangokumbukira kulira kwa mpini pamene unagunda fupa, kenako achimwene ali khale pamzere, atagwira diso lamanzere, akundiyang'ana ndi linalo ngati munthu wofunsa njira. Sanakuwe. Ine ndinaponya khasu, ndi kuyenda masiku awiri mpaka kuboma.

Bayisikopo tinkaonetsa Loweruka masana, chifukwa usiku munthu wakuda sankayenda m'tauni popanda chitupa. Atelala anabwereka nyumba yakale yosungiramo matumba a chimanga, yopanda mawindo, yofolera ndi malata. M'mipata monse tinkatsekamo ziguduli, ndipo chitseko chikatsekedwa mkatimo munkada bii, kutentha ngati m'chigafa cha fodya. Anthu ankakhala pansi mothithikana. Kutsogolo kunali nsalu yoyera imene atelala anaisoka okha. Ine ndinkaima kumbuyo pa bokosi, thukuta likutsikira m'maso, ndikupukusa.

Tinali ndi malamba atatu okha a zithunzi, onse a azungu a zipewa zikuluzikulu, okwera mahatchi. Anthu ankakonda wa ndeu. Mmenemo munali mwamuna wamtali wowonda ndi wina wandevu. Ankalowa m'nyumba yomwera mowa, wina khomo ili, wina khomo ilo, n'kukhala patebulo limodzi, kumwa, kuseka. Kenako wandevu ankanena kanthu. Sitinkamva chimene ankanena, tinkangoona milomo. Wowonda ankathyola mwendo wa mpando, n'kumumenya nawo kumaso, ndipo wandevu ankagwa chagada osadzukanso.

Anthu a ku Kapata ankaudziwa lamba ameneyu pamtima, koma sankatopa naye. Ankamuchenjeza wandevu asanatsegule pakamwa, kuti akhale chete lero lokha. Ankamutukwana wowonda, ena n'kumamuchemerera kuti amupatse ina. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa pakhomo ankati wandevuyo ali ndi mankhwala oopsa, poti amafa Loweruka lililonse koma sabata yotsatira umamupeza wabwera kudzamwanso, ndevu zili bwinobwino. Bambo wina ankayankha kuti si mankhwala, ndi uchitsiru, munthu wanzeru akanasintha malo omwera. Anthu ankaseka mpaka kutsokomola. Ine sindinkaseka. Pofika pa mwendo wa mpando ndinkapukusa mofulumira kuti padutse msanga, ndipo anthu ankandikalipira kuti ndikuwabera ndeu yawo. Kawiri konse ndinatsika pa bokosi kuti ndimenyane ndi munthu, atelala n'kundikoka malaya.

Lamba akatha ankayenera kubwezedwa pa gudumu lake loyamba. Atelala ankachita zimenezi nyali itazimitsidwa, atamuchotsa m'makina. Lolemba lina anali ndi madiresi aukwati oti amalize, ndiye anandituma ine. Ndinalowa ndekha m'nyumba muja ndi kutseka chitseko. Ulesi unandigwira. Ndinati kuchotsa lamba ndi ntchito yambiri, ndingopukusa chobwerera ali momwemo. Nyali ndinaiyatsa kuti ndizionako manja anga.

Pansalu panaoneka wandevu ali gone, monga tinamusiyira Loweruka. Nditayamba kupukusa, mwendo wake unagwedezeka. Kenako thupi lonse linanyamuka pansi, osagwira tebulo, osapinda bondo, ngati likukokedwa ndi chingwe chimene sindinkachiona. Linaima chilili. Mutu umene unali utagwera kumbuyo unabwerera pamalo pake, n'kukakumana ndi mwendo wa mpando uja, ndipo mtengowo unachoka pankhope pake mofatsa ngati dzanja la mayi. Magazi akuda amene anali patsaya anakwera okha kulowa mmene anatuluka. Wowonda anawerama, anabwezera mwendo ku mpando, mpando unakhala wamphumphu. Mawu aja analowanso m'kamwa mwa wandevu. Anthu awiriwo anakhala pansi, akuseka, mowa ukuchoka m'kamwa kubwerera m'matambula.

Ndinasiya kupukusa, ndinazimitsa nyali, ndi kukhala pa bokosi mumdima. Malata ankalira okha ndi dzuwa. Patapita nthawi ndinayatsanso, ndinapukusa kupita kutsogolo mpaka munthuyo anagwa, ndi kumudzutsanso. Tsiku limenelo ndinamudzutsa kasanu ndi kawiri.

Kuyambira pamenepo ndinkapitako masana aliwonse atelala akakhala pa makina awo osokera pakhonde la sitolo. Ndinkawanamiza kuti ndikukapukuta fumbi. Sindinauze munthu, koma ku Kapata chinthu sichibisika. Woyamba kulowa anali mayi wa zitumbuwa uja. Anakankha chitseko, anatseka, anakhala pansi osapereka moni. Mwamuna wake anapondedwa ndi lole pamsewu waukulu chaka chinacho. Anaonerera mpaka wandevu ataima, kenako ananena motsitsa kuti ndibwezenso. Mawa lake anabwera ndi mnzake. Sabata isanathe ankafika asanu, mwina asanu ndi atatu, sindidziwa bwino, chifukwa ambiri ankalowa chitseko chitatsekedwa kale, mwakachetechete, ndipo ankatuluka ndisanazimitse nyali. Nkhope zawo sindinazione. Ndinkangomva kupuma kwawo ndi fungo la thukuta, nthawi zina la utsi wa nkhuni, nthawi zina la mankhwala a kuchipatala.

Loweruka m'nyumba muja munkakhala phokoso ngati pamsika. Masiku enawa munkakhala ngati pasiwa anthu atatopa kulira. Palibe ankaseka, ngakhale kuti kavalo woyenda chobwerera ndi chinthu choseketsa. Munthu wina amene ankakhala pangodya ankabuula pang'ono nthawi imene magazi ankalowa m'tsaya, tsiku lililonse, pamalo omwewo. Mpaka lero sindidziwa ngati anali mwamuna kapena mkazi.

Chakumayambiriro kwa Lenti, nyengo yokonzekera Pasaka, kunabwera alamu anga, mkazi wa achimwene. Anayenda pansi ndi azimayi anzawo odzagulitsa mtedza wotsala, ndipo anandipeza pofunsafunsa za mnyamata wolusa wa ku Chipangali, zimene sizinawatengere nthawi. Ndinali nditasenza batire. Anadikira kuti nditule, anandipatsa moni ngati tinasiyana dzulo, anandiuza za amayi, za mvula, za nkhumba imene inafa. Kenako ananena kuti diso lamanzere la achimwene linaphwa kalekale. Tsopano lamanja nalo layamba kuchita nkhungu. Asisitere a kuchipatala cha mishoni analiona, ndipo anati zimachitika, diso lina likavulala kwambiri linzake limatsatira, ndipo palibe mankhwala.

"Akuti mubwere akuoneni, alamu, lisanatseke."

Ndinapsa mtima pomwepo. Ndinawauza kuti ndikudziwa, ndi msampha, akufuna ndikafike andigwire, andiimbe mlandu pamaso pa mudzi wonse. Alamu sanakweze mawu. Anati mlandu achimwene anaukana, abale atafuna kuutengera pabwalo iwo anati wa m'mimba imodzi sapita naye kumeneko.

"Ndiye akufunanji kwa ine?"

"Ndanena kale. Akufuna akuoneni. Akuti nkhope yanu yayamba kuwasokonekera ndi ya malemu atate anu."

Ndinawauza kuti ndibwera Loweruka likadutsa. Anandisiyira mtedza wokazinga m'kansalu, n'kumapita. Loweruka linadutsa, linanso linadutsa. M'mawa uliwonse ndinkadzuka ndikudziwa kuti nkhungu ija yawonjezekako kuposa dzulo, ndipo masana aliwonse ndinkalowa m'nyumba ya matumba kukadzutsa mzungu wandevu. Munthu angafunse kuti ndinkaganiza chiyani. Sindinkakhulupirira kuti makina a telala angachize diso ku Chipangali, sindinali wopusa chotero. Koma ndikamapukusa, kwa kanthawi kochepa kaja mtengo ukuchoka pankhope, pachifuwa panga pankapepuka, ndipo ndinkatha kupuma. Kunja kwa nyumba ija kunalibe malo ena amene ndinkapumako motero.

Ndine Mkatolika wobatizidwa ndili khanda, ndipo Pasaka inkayandikira. Ndinapita kukalapa. Bambo mfumu anandimvetsera kuseri kwa kansalu, anandifunsa ngati mbale wangayo ali moyo, ndipo ndinati inde. Anati chilango changa si mapemphero, ndipite ndikaime pamaso pake. Ndinatuluka ndikutukutira. Panja ndinakumana ndi aphunzitsi a katekisimu, nkhalamba yowonda yokhala ndi chifuwa chosatha, imene inkayang'anira Akhristu a ku Kapata. Anandiimitsa nati amva kuti nkhosa zawo zina zikumapita kwa ine masana kukaona akufa akudzuka. Ndinawayankha mwamwano kuti abwere adzaone okha, mwina aphunzirako kanthu. Ndinawafunsanso funso limene linkandidya. Ine munthu wamba, wa Sitandade 2, ndimatha kubweza nkhonya ndi dzanja limodzi. Nanga Mulungu wamphamvu zonse amalephera bwanji? Ngati amakhululukadi, bwanji osangopukusa chobwerera, chinthucho chikhale chosachitika?

Anabweradi Lachitatu. Tsiku limenelo enawo atamva chifuwa chawo pakhomo sanalowe, tinali awiriwiri. Ndinawaonetsa wandevu akudzuka, magazi akulowa, mpando ukulumikizika, ndipo pamene awiri aja anakhala pansi akuseka ndinaima, monga ndinkachitira nthawi zonse. Aphunzitsi anati ndisaime, ndipitirize.

Ndinali ndisanapitirirepo pamenepo. Ndinapukusa. Anthu awiri aja analeka kuseka. Anaimirira, anasiyana manja, ndipo aliyense anayamba kuyenda chobwerera, maso ali pa mnzake koma akutalikirana, wina kukatulukira khomo ili, wina khomo ilo. Zitseko zinatsekeka. M'nyumba yomwera mowa munatsala matebulo okha. Kenako panabwera zilembo, kenako mizeremizere, kenako lamba anatha, ndipo pansalu panangotsala kuwala koyera kopanda kanthu, gudumu likukupiza kamchira kake.

"Ndi zimenezo ukupempha?" anafunsa aphunzitsi.

Anatsokomola kwa nthawi, kenako analankhula ali chikhalire, osandiyang'ana. Anati Mulungu akayamba kubweza sangaimire pamene ine ndikufuna, chifukwa mkwiyo wa kumunda uja sunayambire kumunda. Adzabweza mpaka kusukulu, mpaka kumbuyo kwa sukulu, ndipo pomaliza achimwene adzakhala ndi maso awiri koma opanda mphwawo. Anatinso ndikumbukire za Ambuye atauka kwa akufa. Akanakhala kuti anauka monga amaukira wandevuyu, misomali ikanatuluka yokha m'manja, mabala akanatsekeka, ndipo amene anawapachika akanabwerera kwawo osadziwa kanthu. Koma Ambuye anabwera kwa ophunzira awo mabala ali pomwepo, oti munthu n'kupisamo chala, ndipo anapita kwa anthu omwewo amene anawathawa.

Ndinawauza kuti atuluke. Ndinawauza mokuwa, nkhalamba yoti ikanakhala atate anga. Anadzuka pang'onopang'ono, anafufuza chitseko ndi manja, ndipo atatsegula anatembenuka nati batire likununkha, ndisamale lingandiphulikire.

Nditatsala ndekha ndinamangiriranso lamba mwaukali. Ndinaganiza kuti nkhalambayo yandipusitsa. Ndani anati ndibwerere mpaka kumayambiriro? Pali malo amodzi abwino, pamene mtengo uli m'mwamba koma sunafike. Ndinapukusa pang'onopang'ono kufunafuna malo amenewo, kutsogolo pang'ono, kumbuyo pang'ono, mpaka ndinawapeza. Wowonda dzanja lili m'mwamba. Wandevu akumuyang'ana, maso onse awiri ali otsegula, pakamwa pakadali kachimwemwe ka nthabwala yake. Ndinagwira chogwirira kuti chisasunthe.

Atelala anandiuza tsiku loyamba lenileni kuti lamba asaime nyali ikuyaka, koma sanandiuze chifukwa chake. Ndinayang'ana nkhope ija mwina kwa mphindi imodzi. Kenako pansi pa diso la wandevu panaoneka kadontho kofiirira. Kanakula. Khungu lozungulira linatupa ngati chithuza, linachita thovu, diso linasungunuka n'kutsetsereka, ndipo pakati pa nkhope panatseguka dzenje loyera lokhala ndi milomo yakuda, likumka likula, kudya mphuno, kudya ndevu, munthuyo akumwetulirabe ndi mbali imene inatsala. Panalibe phokoso lililonse. Fungo lokha ndi limene linandidzutsa, ndipo ndinazula waya ku batire.

Ndinakhala mumdima nthawi yaitali. Ndinkamva ngati pangodya paja pali munthu wobuula uja, ngakhale ndinkadziwa kuti sanalowe. Ndinafunsa kuti kodi muli munthu muno. Palibe anayankha.

Atelala sanandimenye, ngakhale ndinkafuna atandimenya kuti ndipeze pobwezera. Anakweza lamba kudzuwa, anayang'ana pamene panapsa, anapukusa mutu. Anati akhala akudziwa zonse, batire silitha lokha. Anatenga sizasi yawo yodulira nsalu, anadula mbali yopsayo ndi tizithunzi tina toyandikana nato timene tinakwinyika, utali wake ngati mkono, n'kulumikiza nsonga ziwirizo ndi guluu wonunkha. Chidutswacho anandipatsa nati ndi changa, ndachigwirira ntchito. Anawonjeza kuti kwawo akuluakulu a chipembedzo amawadzudzula chifukwa cha zithunzizi, ndipo lero ayamba kuona kuti mwina akuluakuluwo sakulakwa kwenikweni.

Loweruka anthu anadzaza monga mwa masiku onse. Awiri aja analowa, anakhala, anamwa, anaseka. Anthu anayamba kumuchenjeza wandevu. Iye anatsegula pakamwa, wowonda anawerama kugwira mpando, ndipo nthawi yomweyo wandevu anali gone pansi, magazi ali patsaya, wowonda ataima poteropo manja ali lende. Mtengo sunaoneke. Nkhonya sinaoneke.

Phokoso linadukiza. Wina anafunsa kuti wamumenya ndani. Bambo wanthabwala uja anayesa kunena kuti lero wagwa ndi mowa, koma palibe anaseka. Kwathu kuno munthu akagwa magazi ali chuchuchu popanda womukhudza, aliyense amadziwa dzina la chinthu chimenecho, ndipo ndinamva mawuwo akuyenda monong'ona kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Azimayi awiri anadzuka kufuna chitseko. Anthu omwewo amene ankachemerera ndeu miyezi yonseyi anachita mantha ndi ndeu yopanda womenya.

Ndinkapukusabe, poti ndinali nditaphunzira kuti kuima n'koopsa, koma maganizo anali kwina. Zimene zinali pansalu ndi zimene ndinkafuna kuyambira tsiku la kumunda: achimwene akhale atagwa, poti kugwa anagwa, koma pasakhale amene anawamenya. Ndinkafuna Mulungu wokhala ndi sizasi. Tsopano ndinaziona ndi maso, ndipo zinali zonyansa kuposa nkhonya yeniyeniyo. Wowonda uja ataima manja ali lende ankaoneka ngati chinthu chimene sichingalape, chifukwa chilibe choti chilape.

Ndaganiza zambiri za anthu a m'bayisikopo kuyambira nthawi imeneyo, ndipo ndaonerapo ena ambiri, a mawu, m'maholo enieni. Anzanga amawasirira, amavala zipewa ngati iwo, amayenda motagaza miyendo ngati iwo. Ine amandimvetsa chisoni. Kale pa katekisimu ankatiopseza ndi moto wosatha, ndipo sindinkaopa kwenikweni, chifukwa moto ndimaudziwa, umapsereza n'kutha. Koma munthu wowonda uja alibe mawa. Adzathyola mwendo wa mpando womwewo Loweruka lililonse mpaka lamba adzathe, ndipo sadzafika pa tsiku lotsatira loti agogode pakhomo pa mnzake. Ukamubweza, sakhululukidwa, amangoiwala, n'kudzachitanso. Ngati gehena ilipo, ndikuganiza kuti imafanana ndi zimenezo, ndipo ine ndinakhalamo miyezi ingapo mwa kufuna kwanga, chitseko chili chosakhoma. Sindinena kuti bayisikopo ndi tchimo, ayi, aphunzitsi ena amanena zimenezo chifukwa sanaionepo. Imaonetsa bwino kwambiri mmene munthu amagwera. Chimene sindinaonepo pansalu ndi mmawa wake, womenya uja akudzuka, akusamba kumaso, akudziwa kuti mnzake akadali moyo kutsidya kwa dambo ndipo ayenera kukakumana naye.

Lolemba la sabata yoyera ndinauza atelala kuti apeze wopukusa wina. Anandipatsa jekete lakale limene mwini wake sanabwere kudzatenga, nati kumudzi ndisakafike ngati wothawa kundende. Ndinanyamuka m'mawa. Njira yonse ndinkawerenga masabata amene anadutsa chibwerere alamu, ndipo ankakwana asanu ngakhale ndiwerenge motani. Kangapo ndinakhala pansi m'mbali mwa njira ndi kuganiza zobwerera. Pena ndinkapsa mtima ndi achimwene chifukwa chosandiimba mlandu, poti mlandu ndikanaudziwa poyambira ndi pothera pake.

Ndinafika Lachiwiri dzuwa lili paliwombo. Mudzi unali zii, anthu ali kuminda. Alamu anali pankhokwe akusankha chimanga. Atandiona sanadzuke, anangoloza nyumba ndi mutu, nati kuwala kumawapweteka, amakhala mkati masana onse. Ndinafunsa ngati akuonabe. Anati ndikafunse eni ake.

Ndinaima pakhomo ndi kuodira. Mkati munali mdima, ndipo poyamba sindinaone kanthu. Kenako ndinaona miyendo pamphasa, ndi manja akupota chingwe cha luzi osachiyang'ana.

"Ndani?"

"Ndine, achimwene."

Manja aja anaima. Ndinafuna kulowa kuti ndigwade, mawu amene ndinakonza njira yonse ali pakamwa, koma anandiletsa.

"Usalowe. Ima pomwepo, pamene pali dzuwa. Muno sindingakuone."

Ndinaima. Anasendera kutsogolo ndi matako mpaka kuwala kwa pakhomo kunawafika kumaso. Kumanzere kunali dzenje lophwa, chikope chitamatirira mkati, ndi chipsera chotsika mpaka patsaya. Diso lamanja linali lotsegula kwambiri, lotuwa ngati madzi otsukira mpunga, likutuluka misozi yokha. Analiyendetsa uku ndi uku kundifunafuna, n'kudzaima penapake pafupi ndi phewa langa.

"Sunthira kuno pang'ono. Basi. Kweza dzanja."

Ndinakweza. Linali lamanja, lomwe lija, ndipo ndinazindikira zimenezo lili kale m'mwamba. Iwo sanaphethire.

"Eya, ndakuona. Chinthu chakuda chili ndi mkono." Anapendeketsa mutu. "Wanenepa, kapena ndi jekete?"

"Ndi jekete, achimwene."

"Ndimadabwa. Kuboma sikunenepetsa anthu ngati iwe."

Ndinayamba kunena kuti ndinalakwa, kuti ndinachedwa, kuti ndikanabwera tsiku lomwe alamu anandipeza. Anandidula nati zoti ndinalakwa akuzidziwa kuposa ine, analipo. Zoti ndinachedwa nazonso n'zoona, sabata ziwiri zapitazo akanaona mphuno ndi pakamwa, lero ayi, ndipo sandinamiza kuti palibe kanthu. Ananena zimenezi mosakalipa, ngati akundiuza mtengo wa mchere. Kenako anati nditembenukire kumbali, aone ngati mutu wanga ukadali wosongoka kumbuyo ngati wa atate.

Ndinatembenuka. Dzuwa linkandiotcha m'khosi, thukuta likuyenderera mkati mwa jekete. Nkhuku inadutsa pakati pa miyendo yanga kulowa m'nyumba, iwo osaiona. Anandiyang'ana nthawi yaitali kwambiri, akupukuta misozi ya diso lija ndi kuseri kwa dzanja, ndipo ndikati ndisunthe ankati ndidikire kaye, sanamalize.

Pa Pasaka ndinawagwira dzanja kupita nawo kutchalitchi. Pofika nthawi yokolola mapira sankasiyanitsanso khomo ndi khoma. Ndimakhala nawo mpaka lero, ndimalima minda iwiri, ndipo timakangana pafupifupi tsiku lililonse, poti pakamwa pawo sipanachite khungu. Akafuna kundiputa pamaso pa alendo amawauza kuti mphwawo ndi munthu wonenepa, wakuda bii, wopanda nkhope, ndipo amene akutsutsa abwere ndi umboni.